Tsiku Lochepetsa Disiki ku Kanjerwa

Enelesi Mbewe anatsika pa njinga yamoto ya kabaza pageti la sekondale ya Kanjerwa nthawi ili cha m'ma naini, nkhope ili mbuu ndi fumbi la mu Julaye. Kuchokera pa Nsaru wakabazayo anali atamudutsitsa m'tinjira ta m'minda momwe anthu ankathothola mtedza, ati pothawa mabampu a mumsewu waukulu, koma msana unkamupweteka chimodzimodzi. Linali Lachitatu.

Enelesi ankagwira ntchito ku kabungwe kena ka ku Lilongwe komwe kanaika maseva m'sukulu zakumidzi. Seva ndi kompyuta yomwe imakhala pamalo amodzi n'kumasungira makompyuta ena onse zinthu. Ya ku Kanjerwa inkasunga mabuku, makanema a maphunziro, mayeso akale komanso malikisi a ana a zaka zisanu ndi chimodzi. Lolemba a Zikani, mphunzitsi wa kompyuta pasukulupo, anamuimbira kuti makinawo ayamba kumangoima. Atamutumizira chithunzi cha sikirini, Enelesi anaona msanga pomwe panali vuto. Disiki ya m'sevamo inali yogawidwa pawiri. Chigawo chaching'ono, momwe mumakhala mapulogalamu oyendetsa makina, chinali chitadzaza ndendende, pomwe chachikulu, cha mabuku ndi malikisi, chinali ndi malo ambiri ongokhala. Ntchito inali yochepetsa chachikulucho n'kupatsa chinzake malo otsalawo. Anali ataigwirapo m'sukulu zina zisanu, ndipo ankawerengera kuti pofika thuu koloko akhala ali pa Nsaru akudikira minibasi.

"Ndibwera Lachitatu," anali atawauza pafoni paja. "Ikaima, muzingoizimitsa n'kuiyatsanso. Zina zonse musakhudze." Mawu akuti musakhudzewo anawanena kawiri.

A Zikani anamuchingamira pakhonde ndi chisangalalo chopitirira muyeso. Anamulandira chikwama, anafunsa za ulendo, za kunyumba, za mtengo wa kabaza masiku ano, ngakhalenso za mphepo ya ku tauni. Koma atatsegula chitseko cha kachipinda ka makompyuta mafunso onse anatha, anangoima pambali manja ali kumbuyo.

Seva inali yoyaka, koma pasikirini panali mizere yoyera yokhayokha pamalo akuda. Chigawo chachikulu chinkakana kutseguka.

"Zayamba liti zimenezi?" anafunsa Enelesi.

"Dzulo madzulo, asisi. Magetsi anazima. Titayatsa m'mawa uno, basi ndi zomwe mukuonazi."

"Yokha?"

"Yokha."

Enelesi anakoka mpando n'kuwerenga mizere ija bwinobwino. Kaundula wa mafayilo, yemwe amadziwa pomwe fayilo iliyonse yagona, ankanena kuti chigawocho ndi cha magiga 900. Malire a chigawo chomwecho ankanena kuti ndi cha magiga 500. Manambala awiriwa sasemphana okha. Anatsegula mndandanda wa malamulo omwe anthu analembera makinawo, ndipo lamulo lomaliza linali poyera: Lachiwiri, 3:40 masana, wina anadula chigawocho. Makina anali atachenjeza kuti zinthu zikhoza kuwonongeka, n'kufunsa ngati munthuyo watsimikizadi. Munthuyo anavomera.

Asanatsegule pakamwa, pakhomo panamveka nsapato zolemera. Anali ahedi, a Henderson Chimphepo, atavala jekete ndi tayi monga mwa masiku onse. Bambowa ndi omwe anaphunzitsa Enelesi masamu kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 pasukulu yomweyi, ndipo kumpingo anali mkulu wa mpingo yemwe anamufunsa mafunso a kalasi asanalowe m'gulu la akhristu. Enelesi anaimirira n'kupinda maondo pang'ono asanaganize n'komwe.

"Enelesi mwana wanga, wafika! Ndimawauza aphunzitsi anzangawa kuti ameneyu ndinamuumba ndine. Ndiye titha pofika teni koloko, eti? Lachisanu tikutsekera, makolo akubwera kudzatenga malipoti."

"Aphunzitsi, ndifunseko kaye. Dzulo masana alipo anakhudza makinawa?"

"Palibe."

A Zikani anali atapeza china chake chochititsa chidwi pa simenti.

"Chifukwatu makinawa amalemba zonse zomwe auzidwa," anatero Enelesi, akuloza pasikirini ndi chala. "Apa akuti wina anadula chigawo chachikulu nthawi ya 3:40."

Ahedi anavala magalasi, anawerama, n'kuweramuka. "Ooh, zimenezo! Kumeneko si kukhudza. Timangokuyambirako kuti ukafika upeze ntchito yachepa. A Zikani anapeza malangizo pafoni, ine ndinaima pambuyo pawo kuwayang'anira."

"Malangizowo anayambira pa kudula?"

A Zikani anakhosomola. "Analipo masitepe asanu ndi limodzi, asisi. Koma ahedi anati anayi oyambawo ndi otaya nthawi."

"Ndi masamu apafupi," anatero ahedi, akutulutsa cholembera m'thumba la jekete ngati ali m'kalasi. "Malo onse ndi 900. Zomwe zilimo ndi 380. Tikasiya 500, kodi 380 salowa mu 500? Pakutsalanso 120. Ndiuze pomwe ndalakwitsa."

Enelesi anapuma kaye. Akanakhala mnzake wa ku ofesi akanamukalipira mpaka mawu kusasa, koma awa anali a Chimphepo. Anasankha mawu ngati akusankha nyemba.

"Masamuwo ali bwino, aphunzitsi. Koma tiyerekeze holo ya mayeso ya mipando 900, ana alimo 380. Anawo sanakhale kutsogolo onse, aliyense wakhala pomwe wafuna, ena mpaka kumbuyo kwenikweni. Inu mwabwera ndi njerwa n'kumanga khoma pampando wa 500 musanawauze kuti asunthe. Omwe anali kumbuyo aja ali kuti?"

Ahedi anayang'ana cholembera chawo.

"Ali kuseri kwa khoma," anayankha a Zikani motsitsa mawu.

"Ndi zomwe zachitika. Timayamba kusunthira mafayilo kutsogolo, khoma limabwera pomaliza. Tsopano funso ili mundiyankhe zoona, chonde. Malo mwadulawo, magiga 400, munawapereka kale ku chigawo chaching'ono?"

"Ayi," anatero a Zikani. "Netiweki inathawa tisanawerenge sitepe yomaliza. Ndinapita pachulu chakuseri kwa Fomu 3 kukaisaka, pobwera ndinapeza magetsi azima, seva nayo yazima."

Enelesi anatsamira pampando. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anathokoza kuzima kwa magetsi. Malo ajawo akanaperekedwa ku chigawo china, makina akanayamba kulembapo zatsopano, ndipo mafayilo akuseri kwa khoma akanafufutika osabwereranso. Pakadali pano anali akadali pomwe anali, kungoti osafikirika.

"Ndipatseni disiki yosungira kope ija," anatero. Bungwe lawo linkapatsa sukulu iliyonse disiki yapadera yakunja, yoti Lachisanu lililonse azikoperamo zonse za m'seva. "Ndikufuna ikhale pafupi ndisanayambe, mwina zikanika."

Ahedi ndi a Zikani anayang'anana. Kenako ahedi ananena kuti disikiyo ili pamalo abwino kwambiri, kunyumba kwa abusa. Kwaya ya kumpingo inajambulitsa nyimbo mwezi wa Epulo, wojambulayo analibe posungira, ndiye iwo monga mkulu wa mpingo anathandizapo.

"Nanga kope la sukulu lilimobe?"

"Makanemawo anali aakulu," anatero a Zikani. "Wojambula uja anati malo sakukwana."

Enelesi anatseka maso. Malikisi a zaka zisanu ndi chimodzi, mayeso omwe aphunzitsi analemba okha ndi manja n'kuwajambula tsamba ndi tsamba, zonsezo zinali pamalo amodzi okha padziko lonse, ndipo malowo anali atadulidwa pakati. Anapempha mwaulemu kuti amusiye yekha kwa mphindi khumi. Ahedi anatuluka akunena kuti ali mu ofesi ngati pafunika nzeru zina. A Zikani anatsala, ndipo iye sanawathamangitse.

Mwayi womwe unalipo unali woti seva imasunga yokha chikumbutso cha momwe malire analili asanasinthidwe. Enelesi anachipeza, anawerenga tsiku ndi nthawi yake katatu, n'kujambula sikirini ndi foni. Malire anayenera kubwerera pomwe analili ndendende, osati pafupi chabe. Analemba lamulolo, n'kuliwerenganso chilembo ndi chilembo. Anadina.

Malire anabwerera pa 900. Anatsegula chigawocho m'njira yongowerenga, yoti pasalembedwe kalikonse, ndipo mafoda anatuluka pamzere: mabuku, makanema, mayeso, malikisi.

"Mulungu ndi wabwino!" anafuula a Zikani, ndipo asanawagwire anali atathamangira kale ku ofesi.

Ahedi anabwera akupikitsa manja. "Ndinadziwa ine. Ndiye tadula msanga tsopano, aphunzitsi ayambe kulowetsa malikisi."

"Ndiyamba ndakopera zonse mu disiki yanga," anatero Enelesi, akuitulutsa m'chikwama.

"Zitenga nthawi yaitali bwanji?"

"Maola atatu."

"Maola atatu! Zinthu zoti zabwerera kale?"

"Dzulonso zinalipo, aphunzitsi."

Mawuwo anatuluka akuthwa kuposa momwe ankafunira. Ahedi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi monga ankachitira munthu akalakwitsa samu pabolodi, kenako anatuluka.

Maola atatuwo anali aatali. Ahedi ankabwera mphindi makumi awiri zilizonse. Ankaima pambuyo pake, n'kuwerenga mokweza nambala yosonyeza pomwe kukopera kwafika, kenako n'kumuuza nthawi yomwe yatsala malinga ndi kuwerengera kwawo. Ulendo wachitatu anafunsa ngati makanema a sayansi sangadumphidwe, popeza ana ambiri sawaonera. Ulendo wachinayi anabwera ndi apampando a komiti ya makolo kudzawaonetsa mwana yemwe anamuumba, ndipo Enelesi anayenera kuimirira, kupereka moni ndi manja awiri ndi kufotokoza kuti ndi mwana wa yani.

Cha m'ma thwelofu magetsi anazima. Seva inapitiriza ndi mabatire, koma pasanathe mphindi zisanu kabokosi ka mabatirewo kanayamba kulira tswii, tswii, kusonyeza kuti moto ukutha msanga. Enelesi anadabwa. Mabatire amenewo anawaika yekha chaka chatha, ndipo ankayenera kupirira maola anayi. Anagwada n'kusuzumira kuseri kwa shelefu. Kunali chingwe chachikasu chomwe iye sanachiikepo. Chinkakwera khoma, kutulukira pawindo, n'kulowera pawindo la chipinda cha aphunzitsi.

Anachitsatira. Patebulo la m'chipindamo panali mafoni khumi ndi imodzi, tochi ziwiri, wayilesi, ndi makina ometera tsitsi, zonse zikuyamwa moto wa seva.

Sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Anabwerera n'kuzula chingwecho. Kulira kuja kunaleka, koma kuchipinda cha aphunzitsi kunabuka phokoso. Mphunzitsi wina wamtali anabwera pawindo kudzafunsa kuti ndani wazimitsa, pomwe foni yake inali itangofika pa 12 peresenti.

"Ndine," anatero Enelesi.

"Chemwali, ifetu timatchaja pamenepa chaka chonse."

"N'chifukwa chake dzulo seva inazima pasanathe mphindi khumi."

Mkangano ukanakula pakanapanda mayi Hannah Kalonga, wachiwiri kwa ahedi, mayi wamfupi wa mawu ochepa yemwe anatulukira ndi mulu wa mapepala m'manja. "A Mathews, foni yanu ilibe malipoti a ana," anatero. "Kagulu ka mafoni kapite kwa Nedson pa gulosale, ali ndi sola." Anapinda chingwe chija n'kuchitsekera mu kabati yawo.

Kukopera kunatha wani koloko itadutsa, mabatire atatsala ndi timizere tiwiri. Enelesi analumikiza disiki ija ku laputopu yake n'kuyamba kutsegula mafayilo apa ndi apo: buku la Fomu 1, kanema wa kuthupi la munthu, malikisi a chaka chathachi. Kenako anauza makina kuti ayerekeze kope ndi zenizeni, aone ngati zikufanana.

"Kodi ukuchitanso chiyani?" anafunsa ahedi, omwe anali atafikanso.

"Ndikuona ngati kopeli lili bwino."

"Si wakopera wekha?"

"Eya. Koma ndisanalitsegule sindingadziwe ngati lingatipulumutse."

"Chabwino. Ukatha pamenepo udula?"

"Magetsi akayaka."

Ahedi anavula magalasi. "Enelesi, mabatire alipo."

"Atsala pang'ono, aphunzitsi. Kusuntha mafayilo kukayamba sikufuna kudukiza. Moto ukathera pakati, kaundula yense asokonekera, tiyambiranso kubwezeretsa kuchokera mu kope, ndiye kuti mawa lonse latha."

Ahedi anati angathe kubwereka jenereta ya mnyamata woonetsa mpira pa tawuni. Enelesi anali ataiona jeneretayo podutsa, itamangidwa ndi mphira, ndipo anakana. Anati angathe kuimbira munthu wina wodziwana naye kuti afunse nthawi yomwe magetsi ayake. Enelesi anati zimenezo angachite. Anazimitsa seva kuti mabatire apume, n'kukhala pakhonde. Mayi Hannah anamubweretsera mbatata yootcha ndi kapu ya tiyi wozizira, n'kukhala naye pompo.

"Ahedi anakuphunzitsani inunso?" anafunsa Enelesi.

"Ayi, ine ndimagwira nawo ntchito. Zaka zisanu ndi zinayi." Anamwako tiyi wawo. "Ndi munthu wabwino. Kungoti kudikira sakudziwa."

Itangodutsa hafu pasiti thuu, chigayo cha pa tawuni chinayamba kulira chapatali, kusonyeza kuti magetsi ayaka. Enelesi anasiya kapu n'kuthamangira m'kati. Anayatsa seva, anadikira kuti mabatire akwereko, kenako anapita yekha kuchipinda cha aphunzitsi kukalengeza kuti kwa ola limodzi ndi theka aliyense asalumikize laputopu kapena foni ku seva. Onse anavomera. Anabwerera n'kulemba lamulo lotseka chigawo chachikulu, chifukwa sichichepetsedwa chili chotsegula.

Makina anakana. Akuti chigawocho chili pantchito, wina akuchigwiritsa.

Anayesanso. Anakananso. Anafufuza kuti ndani, ndipo makina anatchula laputopu ya mu ofesi ya ahedi.

Enelesi anaimirira. A Zikani anati apite iwo akawauze, koma iye anapukusa mutu. Anadutsa pakhonde, anagogoda kamodzi, n'kulowa asanayankhidwe. Ahedi anali atatsegula malikisi a Fomu 3, chala chili pa kiyibodi.

"Ndimangoona ngati alipo onse," anatero. "Ndapezanso pena pomwe a Mathews analakwitsa kuwonkhetsa, ndiye ndimati ndikonze."

"Aphunzitsi." Anaima kutsogolo kwa tebulo lawo. "Lolemba ndinati musakhudze, munadula disiki. Disiki ya kope munaipereka ku kwaya. Mabatire akutchaja makina ometera. Tsopano ndapempha ola limodzi ndi theka lokha, inu mwatsegula fayilo n'kumasinthamo. Ine ndine mwana wanu, sindikukana. Koma ntchito iyi ndi yanga, ndipo ndikailakwitsa si ine ndidzaime pamaso pa makolo Lachisanu. Chonde tsekani laputopuyo mundipatse."

Chapatali chigayo chija chinkalirabe. Enelesi anamva manyazi akumukwera kumaso. Anali asanalankhulepo chomwecho kwa munthu wamkulu, ndipo anadziwa kuti nkhaniyi ikafika kwa mayi ake Lamulungu lisanakwane. Ahedi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatseka fayilo ija osasunga zomwe anasintha, anapinda laputopu, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Ndingabwere kudzaonerera?" anafunsa. "Sindilankhula."

"Bwerani."

Pobwerera Enelesi anazulanso kabokosi kofalitsa netiweki ya pasukulupo, kuti pasapezeke winanso. Ulendo uno chigawo chinatsekeka. Anayamba ndi pulogalamu yofufuza kaundula. Inayenda mphindi khumi ndi zisanu, ndipo inapeza malo angapo osokonekera. Inafunsa ngati ikonze, iye anawerenga lililonse asanavomere, n'kulemba mayina a mafayilo okhudzidwawo papepala. Anaiyendetsanso kachiwiri mpaka inanena kuti zonse zili bwino.

Kenako anauza makina kuti asunthire mafayilo onse kutsogolo ndi kuchepetsa kaundula afike pa magiga 480. Ahedi, omwe anakhala pa benchi ya ana mawondo ali m'mwamba, anatsegula pakamwa, anatseka, kenako anakweza dzanja.

"Funsani, aphunzitsi."

"Bwanji 480? Si timafuna 500?"

"Malire ndiwaika pa 500. Koma makinawa nthawi zina amawerenga magiga mosiyana pang'ono, pulogalamu iyi mwakemwake, inayo mwakemwake. Ndikalinganiza ndendende, khoma likhoza kudya kumapeto kwa kaundula. Ndiye ndimasiya mpata. Khoma likakhazikika, ndimukulitsanso kaundula adzaze mpatawo."

Ahedi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Zimenezo n'zomveka," anatero.

Kusuntha mafayilo kunatenga mphindi makumi asanu. Palibe chinkaoneka pasikirini koma timizere tikuyenda mwaulesi. Enelesi khutu lake linali ku chigayo. Nthawi ina chinaleka kulira, iye anayang'ana m'mwamba, koma babu la kudenga linali likuyakabe. Mwina wachigayo ankangosintha thumba. A Zikani anatuluka kawiri kukayang'ana mawaya a pamtengo ngati kuti kuwayang'anako kungathandize.

Zitatha, anachepetsa malire kufika pa 500, anakulitsa kaundula kuti akwane bwino, anafufuzanso kachitatu. Panalibe cholakwika. Magiga 400 otsalawo anawapereka ku chigawo chaching'ono chija, ntchito yomwe sinatenge ngakhale mphindi imodzi. Anazimitsa seva n'kuiyatsanso kuti aone ngati idzuka yokha bwinobwino. Inadzuka.

"Basi?" anafunsa ahedi.

"Kudulako basi. Koma pali nkhani ina. Aitaneni mayi Kalonga."

Mayi Hannah atafika, Enelesi anawaonetsa pepala lija. Mafayilo atatu anali atawonongeka, ndipo mu kope namonso anali owonongeka, chifukwa anawonongeka dzulo. Anali malikisi a Fomu 1: Chichewa, Jogalafe ndi Baibulo. Pomwe ahedi ndi a Zikani ankadula disiki, mayi Hannah anali m'chipinda cha aphunzitsi akulowetsa malikisiwo, osadziwa kuti zomwe akulemba zikugwera kuseri kwa malire.

"Ana 143," anatero mayi Hannah. "Maphunziro atatu. Ndinakhala pamenepo kuyambira thuu koloko mpaka magetsi kuzima, osadya." Sanakweze mawu. Anangotembenuka n'kuyang'ana ahedi.

Ahedi anakonza tayi. "Mapepala a mayeso alipo?"

"Ali mu kabati."

"Katengeni. Ine ndiziwerenga, inu muzilemba."

Enelesi anatsala ndi a Zikani kumalizitsa zotsala. Anasintha mawu achinsinsi olowera m'kati mwenimweni mwa seva, n'kuwauza kuti kuyambira lero akhala ku ofesi ku Lilongwe. Kulowetsa malikisi ndi kuwerenga mabuku sikuwafuna. Disiki yake anaisiya pasukulupo mongobwereka, atalembapo dzina la bungwe ndi inki yosafufutika, ndipo anawaonetsa a Zikani kawiri momwe angakoperere Lachisanu lililonse. Ya kwa abusa ija anati aitenge sabata yomweyo, makanema a kwaya akawapezere kwina.

"Asisi, pepani," anatero a Zikani akumupatsa chikwama. "Ndinadziwa kuti tikulakwitsa. Koma ahedi mukuwadziwa."

"Ndikuwadziwa. Ulendo wina mudzangondiimbira ali pomwepo, mudzawapatse foni."

Nthawi inali itadutsa faifi. Minibasi zodalirika za pa Nsaru zinali zitapita, ndipo anadziwa kuti akakwera yomwe imaima pamudzi uliwonse kudikira matumba a mtedza. Anaimbira wakabaza uja, yemwe anati ali ku Kabudula koma akubwera pompano.

Anapita kukatsanzika. Pawindo la chipinda cha aphunzitsi anaona ahedi atavula jekete, mulu wa mapepala uli patsogolo pawo, akuwerenga ndi mawu omwe ankaitanira mayina m'kalasi.

"Dalitso Mwale, 64. Emmanuel Kachiza, 38. Mwana ameneyu ankatha bwino, chachitika n'chiyani? Taonani funso lachitatu ili, amupatsa 2 pomwe..."

"Ahedi, malikisi okha," anatero mayi Hannah, maso ali pa laputopu.

"Anastazia Nkhoma, 71. Mwayi Chapola, 55. Obadiya..."

"Mwathamanga. Anastazia mwati zingati?"

Enelesi anagogoda pachitseko n'kunena kuti akunyamuka. Ahedi anaimirira, chala chili pamzere kuti pasawasokonekere.

"Upite bwino, mwana wanga. Upereke moni kwa mayi ako." Anakhala ngati akufuna kuwonjezera china, koma anangoti, "Wagwira ntchito."

"Zikomo, aphunzitsi."

Wakabaza anafika patatha mphindi makumi anayi, atanyamula kale nkhuku ziwiri za munthu wina pachiwongolero. Enelesi anamanga mpango kumutu, anakumbatira chikwama, n'kumuuza kuti ulendo uno adutse mumsewu waukulu.